Bernard Mizeki Anaphunzitsa Njira ya Chipulumutso ku Mashonaland

TAUNI ya Marondera ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 70 kum'maŵa kwa Harare, m'Zimbabwe. Kwa zaka zambiri dera limeneli linadziŵika ndi mafamu aakulu a fodya, chimanga, ndi ng'ombe, mmene anthu zikwizikwi ochokera ku Malaŵi, Mozambique, ndi Zambia anagwiramo ntchito. Koma iwo asanafike, mlendo wina wa ku Mozambique anali atafera kale kumeneko. Iye sanadzere ntchito ya pafamu ayi. Kodi anali yani, ndipo kodi nchifukwa ninji anakana kuthaŵa pamene moyo wake unali pangozi?

Mnyamata wa ku Inhambane

Dzina lake la kubadwa linali Mamiyeri Mitseka Gwambe. Anabadwa cha m'ma 1861 pafupi ndi Inhambane, ndipo adakali mnyamata anakwera chombo kumka ku Cape Town kukafuna ntchito. Usana ankagwira ntchito zapanyumba, ndipo madzulo ankaphunzira pasukulu ya ansembe a Anglican a gulu la Society of St John the Evangelist. Kumeneko mphunzitsi wina wa ku Germany, Paula von Blomberg, anamtsegulira Malemba. Mu March 1886 anabatizidwa napatsidwa dzina lakuti Bernard.

Dongosolo la zochitika zimenezi nlofunika kulipenda. Mnyamatayo anayamba wamva mawu, kenaka anakhulupirira, natembenuka, ndiyeno anabatizidwa. Mtumwi Paulo anafotokoza njira imodzimodziyo: munthu sangaitanire pa Ambuye asanakhulupirire, sangakhulupirire asanamve, ndipo sangamve popanda wina womlalikira. (Aroma 10:13-15) Makonzedwe ameneŵa sanapangidwe ndi munthu, ndipo Mizeki anawatsatira kufikira imfa yake.

Zaka Zisanu kwa Mangwende

Ataphunzira pa koleji ya Zonnebloem, mu 1891 Mizeki anatsagana ndi Bishopu George Knight-Bruce kumka ku Mashonaland, ndipo anasiyidwa m'dziko la Nhowe, la mfumu Mangwende, monga mphunzitsi wa katekisimu. Inali nthaŵi yovuta kulalikira. Chaka chimodzi chokha m'mbuyomo, gulu la Azungu la kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, linali litakweza mbendera yake pamalo amene anawatcha Fort Salisbury. Posapita nthaŵi minda ya eni dziko inayamba kupimidwa kukhala mafamu, ng'ombe zinalandidwa, ndipo mu 1894 kunadza msonkho wa nyumba. Mshona wamba sakanaimbidwa mlandu poganiza kuti Baibulo ndi mfuti zinali katundu wa mwini mmodzi, pakuti zinaloŵa m'dzikomo panjira imodzi.

Mizeki anachita zimene mlendo wanzeru amachita. Anamanga nyumba yake pakati pa anthu, analima munda wake, ndipo anaphunzira Chishona kufikira anachilankhula bwino kwambiri kotero kuti anathandiza kutembenuzira m'chinenerocho mapemphero ndi mbali zina za Malemba. Mmaŵa uliwonse ankapemphera, ndiyeno ankaphunzitsa ana kuŵerenga ndi kuimba, nachezera anthu m'midzi. Anapeza kuti Ashona anali odziŵa kale za Mlengi, amene amamutcha Mwari, koma anali kumfikira kupyolera mwa mizimu ya makolo. Chotero chiphunzitso chake chinafika pamfundo imene sikanapeŵeka: Mulungu ali mmodzi, ndipo nkhoswe pakati pa iye ndi anthu ilinso imodzi, Kristu Yesu, amene anadzipereka dipo la onse. (1 Timoteo 2:5, 6, Machitidwe 4:12)

Komabe, m'zaka zisanu zonsezo palibe wophunzira wake ndi mmodzi yemwe amene anabatizidwa. Woŵerengera ntchito ya Mulungu ndi ziŵerengero akanati munthuyo walephera. Koma Yesu analamula kuti anthu ayambe apangidwa kukhala ophunzira, ndipo chikhulupiriro sichikula mwa kuchikoka monga mmera. (Mateyu 28:19, 20, Marko 4:26-29) Mizeki anapitiriza kuphunzitsa.

Ndi chilolezo cha Mangwende, iye anasamutsira mudzi wake pafupi ndi nkhalango imene anthu anaiyesa yopatulika kwa mizimu. Atadulako mitengo ina ndi kuzokota mitanda pa ina, olaula a mizimu anakwiya kwambiri. Mwinamwake pamenepa changu chake chinapitirira kuchenjera kwake. Mu March 1896 anakwatira Mutwa, mdzukulu wa mfumuyo, ndipo ukwatiwo unamloŵetsa m'banja limene ena a m'menemo anali kumuona kale monga mdani.

Usiku wa June 18, 1896

Chilala, dzombe, ndi mliri wa ng'ombe zinawonjezera mkwiyo wa anthu, ndipo mu June 1896 Ashona anaukira ulamuliro wa kampaniyo pankhondo yotchedwa Chimurenga yoyamba. Aphunzitsi achiafirika a mamishoni anayesedwa atumiki a Azungu. Mizeki anachenjezedwa kuti athaŵe, koma anakana. Iye sanadziyese wantchito wa kampani kapena wa mbali iliyonse pankhondoyo, koma wa Kristu yekha, ndipo sanafune kusiya awo amene anali kuwaphunzitsa ndi kuwasamalira. (Yohane 10:12, 13)

Usiku wa June 18 amuna anafika panyumba yake motsogozedwa ndi Mchemwa, mwana wa Mangwende. Anamkokera kunja namlasa ndi mkondo. Mutwa, amene anali ndi pakati, anampeza adakali moyo nathamanga kukatenga chakudya ndi zofunda. Pobwerera sanampezenso. Iye anasimba kuti anaona kuunika kwakukulu paphiripo, ndipo mtembo wa mwamuna wake sunapezeke konse.

Ambiri akumbukira kwambiri nkhani ya kuunikako, ndipo mu June khamu la anthu limasonkhana pamalowo, pafupi ndi sukulu ya Bernard Mizeki College. Koma chotulukapo cha ntchito yake chinaoneka pasanapite nthaŵi yaitali. Patangotha mwezi umodzi Mizeki ataphedwa, mnyamata wina amene iye anamphunzitsa, John Kapuya, anabatizidwa, nakhala woyamba mwa Ashona kubatizidwa m'tchalitchi cha Anglican. Pambuyo pake Mutwa nayenso anabatizidwa, limodzi ndi mwana wamkazi amene atate wake sanamuone.