RUDOLF DIESEL (1858–1913)

Mafuta aja ayendetsa cigayo ndi magalimoto akuru anatenga dzina la munthu. Rudolf Diesel anabadwa pa 18 March 1858 m'mzinda wa Paris, koma makolo ace anali Ajeremani. Pakubuka nkhondo ya 1870 anawapitikitsa m'dzikomo, ndipo mwanayo, ali wa zaka 12, anamtumiza kwa abale ace ku Augsburg. Pambuyo pace anaphunzira za makina ku Munich.

Masiku amenewo sitima za pamtunda zinayenda ndi malasha ndi nthunzi, ndipo mphamvu yambiri inangotayika cabe. Ici cinamsowetsa Diesel mtendere. Tsono anapanga injini yopanikiza mpweya kufikira utatentha kwambiri, kotero kuti mafuta polowamo ayaka okha. Mu 1897, atayesa zaka zinai, injiniyo inayenda bwino. Pa cionetsero ca ku Paris mu 1900 ina inayenda ndi mafuta a mtedza, wonga umene alima ku Zingalume ndi ku Chadiza konse.

Koma panjanji panavuta. Injini yotere ilibe mphamvu ikamazungulira pang'onopang'ono, ndipo siikhoza kudzutsa ngolo zolemera ziri ciimire. Cifukwa cace mutu wa sitima umene Diesel anathandiza kupanga mu 1912 unalephera, pakuti injini yace anailumikiza ku magudumu popanda kanthu pakati.

Usiku wa pa 29 September 1913 anakwera sitima ya pamadzi yochedwa Dresden, kucokera ku Antwerp kunka ku England. M'mawa sanampeza, nyanja inamtenga ali wa zaka 55, ali ndi ngongole zambiri.

Cimene cinasowa anali atacipeza kale Mjeremani mnzace, Hermann Föttinger, mu 1905, pofuna kuthandiza sitima za pamadzi. Injini itakasa mafuta m'cotengera cotseka, ndi mafutawo akankha mapiko a gudumu lina. Motero sitima inyamuka mosagwedeza, injini iri kuthamanga ndithu. Mu 1935 Ajeremani anayendetsa mutu waukuru wa mtundu umenewu. Potsegula njanji ya TAZARA mu 1976, yocokera ku Kapiri Mposhi kufikira ku Dar es Salaam, mitu yace yoyamba, yopangidwa ku China, inali yotere.

Diesel sanaziona zimenezi. Nchito yaikuru siitha m'manja mwa munthu mmodzi: wina aiyamba ndi thukuta, wina naitsiriza.