Mbiri ya Ibn al-Haytham, Katswiri wa Kuwala ndi Magalasi

Aliyense wojambula zithunzi pa ukwati ku Mitundu kapena zithunzi za pachitupa ku Nathenje amadyerera nzeru zomwe zidayalidwa zaka pafupifupi 1,000 zapitazo ndi Msilamu wophunzira, Abu Ali al-Hasan ibn al-Haytham, Allah amuchitire chisoni.

Iye adabadwira ku Basra, m'dziko la Iraq, cha m'ma 965. Kutchuka kwake pa masamu kudamveka mpaka kwa Khalifa al-Hakim wa ku Egypt, yemwe adamuitana kuti adzawongolere madzi osefukira a mtsinje wa Nile. Atakayendera mtsinjewo cha ku Aswan, adaona kuti ntchitoyo singatheke ndi zipangizo za nthawiyo. Olemba mbiri amati poopa mkwiyo wa Khalifa adadzipengetsa misala, ndipo adamutsekera m'nyumba mpaka ulamuliro wa al-Hakim udatha mu 1021.

Kutsekeredwako sikudamufooketse. Adalemba buku la magawo 7 lotchedwa Kitab al-Manazir, lofotokoza za kuwala ndi kuona. Akatswiri akale monga Euclid ndi Ptolemy ankaphunzitsa kuti diso limatulutsa kuwala n'kukakhudza chinthu. Ibn al-Haytham adaonetsa kuti kuwala kumachokera pa chinthucho n'kulowa m'diso. Adayatsa nyale zingapo kunja kwa chipinda cha mdima chokhala ndi kabowo, ndipo nyale iliyonse idaonetsa kadontho kake pakhoma la m'kati. Akaphimba nyale imodzi, kadontho kake kokha ndi komwe kankazimirira. Mawu akuti kamera adachokera ku dzina la Chilatini la chipinda cha mdima chotere.

Adafufuzanso mmene kuwala kumakhotera kukalowa m'madzi kapena m'galasi. Ife a kunyanja tikuzidziwa bwino zimenezi, pakuti nkhafi ikaviikidwa m'madzi imaoneka ngati yathyoka. Pa galasi lobulungira, adapeza kuti kuwala kodutsa m'mphepete sikukumana pamalo amodzi ndi kodutsa chapakati.

Zaka zake zomaliza adakhala ku Cairo pafupi ndi mzikiti wa al-Azhar, akumakopera pamanja mabuku a masamu kuti apeze chakudya. Adamwalira cha m'ma 1040. Buku lake lidamasuliridwa m'Chilatini cha m'ma 1200, lidasindikizidwa ku Basel mu 1572, ndipo Johannes Kepler adaligwiritsa ntchito.

Tsono tibwerere kwa wojambula wathu uja. Masiku ano ena amatenga galasi la kamera yakale ya filimu n'kulimangirira pa kamera ya dijito ndi kachitsulo kolumikizira. Zimatheka ndithu, chifukwa malamulo a kuwala sadasinthe. Kusiyana kuli pa kapangidwe. Galasi lakale likatsegulidwa kwambiri, chithunzi chimafewa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi vuto lomwe Ibn al-Haytham adaliona lija. Magalasi ambiri atsopano amawaumba mwapadera kuti vutoli lichepe. Mu 1935, Alexander Smakula wa kampani ya Zeiss adapeza njira yokutira galasi ndi kachikuto kopyapyala kochepetsa kunyezimira, choncho galasi lopanda kachikutoka limatuwitsa chithunzi likayang'ana kudzuwa. Latsopano limalunjika lokha pankhope, pomwe lakale umachita kupotokola ndi dzanja, ndipo mkwatibwi sangakudikire. Komabe akale ambiri ndi otchipa, olimba, ndipo kufewa kwawo kumakometsa nkhope.

Nanga labwino ndi liti? Ibn al-Haytham ankalimbikitsa wofuna choonadi kuti asangokhulupirira zolemba za akatswiri koma aziyese yekha, ndipo adalemba buku lonse lofotokoza zokayikitsa m'maphunziro a Ptolemy. Nafenso, mwana wathu akafuna kugula galasi loyambira bizinesi yojambula, tisatengeke ndi dzina kapena zonena za wogulitsa. Ajambule munthu mmodzi, pamalo amodzi, nthawi imodzi, ndi magalasi onse awiri, kenako ayerekeze pakati ndi m'makona mwa zithunzizo. Aunikenso m'kati mwa galasi lakalelo ndi tochi, chifukwa chinyezi cha kunyanja kuno chimameretsa chuku m'magalasi. Akakhutira ndi zomwe waona ndi maso ake, apo ndiye atulutse ndalama.