Wodala Fra Angelico, wansembe amene ankalalika ndi utoto

Pa 18 Febuluwale Mpingo umakumbukira Wodala Yohane wa ku Fiesole, amene anthu ambiri amamudziwa ndi dzina loti Fra Angelico. Iyeyu anali wansembe wa chipani cha Dominiko Woyera, chipani cha alaliki, koma ulaliki wake waukulu anauchita ndi burashi. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamuika m'gulu la odala pa 3 Okutobala 1982, ndipo m'chaka cha 1984 anamutcha nkhoswe ya akhristu onse a luso la zojambula.

Anabadwa cha m'ma 1395 pafupi ndi Vicchio, kumpoto kwa mzinda wa Florence m'dziko la Italy, ndipo dzina lake la ubatizo linali Guido. Zolemba za m'chaka cha 1417 zimamutchula kale kuti mmisiri wojambula, kusonyeza kuti ntchito anali nayo m'manja asanalowe m'chipani. Florence unali mzinda wa amalonda olemera, moti mnyamata waluso chotere akanatha kudya bwino. Koma cha m'ma 1420 iye analowa m'nyumba ya chipani ku Fiesole, natenga dzina la Fra Giovanni. Mbale wake Benedetto, amene ankalemba pamanja mabuku a mapemphero, nayenso analowa m'chipani chomwecho. Kuyambira pamenepo ndalama zonse za zithunzi zake zinkapita ku nyumba ya chipani, monga lumbiro la umphawi limafunira.

Masiku amenewo penti wa m'zitini kunalibe. Mmisiri ankayamba ndi thabwa louma bwino, nalipaka kangapo phala loyera la mwala woperapera wosakaniza ndi guluu wophika kuchokera ku zikopa za nyama, kenako n'kulipala mpaka lisalale. Malo oti pakhale golide ankapakapo dothi lofiira, n'kuyalapo timapepala ta golide topyapyala kwambiri toti tikhoza kuuluka ndi mpweya wa m'kamwa, n'kumakwecha ndi mwala wosalala kuti tiwale. Mitundu ya utoto inkachokera ku dothi, miyala ndi zomera. Ankaipera pamwala n'kuisakaniza ndi mbali yachikasu ya dzira, ndipo njira imeneyi imatchedwa tempera. Utoto wa dzira umauma msanga, sulola kuusakaniza pathabwa, choncho mthunzi wa pankhope kapena mapindo a chovala ankawapanga ndi timizere tambirimbiri tating'ono, wina pamwamba pa unzake. Pansi pa khungu la munthu ankayamba apaka dothi lobiriwira, kuti mtundu wa pamwamba usaoneke ngati wa chidole.

Utoto wodula kuposa onse unali wabuluu wochokera ku mwala wa lapis lazuli, umene unkakumbidwa ku mapiri a ku Afghanistan ndi kudutsa m'manja mwa amalonda ambiri usanafike ku Italy. Mtengo wake unkapikisana ndi wa golide, ndipo amisiri ankausungira malo olemekezeka kwambiri pachithunzi, makamaka chovala cha Amayi Maria.

Fra Angelico sanakane nzeru zatsopano za nthawi yake. Ku Florence, Brunelleschi anali atapeza njira ya masamu yojambulira zinthu kuti zapafupi zioneke zazikulu ndipo zakutali zizichepa mwadongosolo, pamene Masaccio ankajambula anthu okhala ndi thupi lolemera, oponda pansi ndithu. Wansembeyu anaphunzira zonsezi, n'chifukwa chake m'zithunzi zake Maria amakhala pakhonde looneka ngati mungalowemo, ndipo kuwala kumagwa mbali imodzi monga dzuwa la m'mawa.

Ntchito yake yaikulu ili ku San Marco mumzinda wa Florence. M'chaka cha 1436 abale a ku Fiesole anapatsidwa nyumba imeneyi ili yowonongeka, ndipo Cosimo de' Medici, mwini banki wolemera, analipira mmisiri Michelozzo kuti aimangenso. Fra Angelico ndi omuthandiza ake, mmodzi mwa iwo Benozzo Gozzoli, anajambula m'makonde, m'chipinda cha misonkhano, ndiponso m'tizipinda togona ta abale toposa 40. Tchalitchi la San Marco linadalitsidwa m'chaka cha 1443 pamaso pa Papa Eugenius IV.

Pakhoma ankagwiritsa ntchito njira ina yotchedwa fresco. Ankayamba ndi pulasitala wokhakhala wa laimu ndi mchenga, n'kulembapo chithunzi chonse ndi dothi lofiira. Tsiku lojambula ankamata pulasitala wosalala pamalo okhawo amene akanatha kumaliza tsikulo, n'kupaka utoto wosungunula m'madzi pulasitalayo akadali wonyowa. Laimu akamauma amagwirana ndi mpweya n'kulimba ngati mwala, ndipo utoto umatsekeredwa m'kati mwake. N'chifukwa chake zithunzizi zikuonekabe bwino patatha zaka zoposa 550. Koma njirayi ilibe chisoni: ukalakwitsa, uyenera kugumula gawo lonselo n'kumatanso. Mmisiri ankayenera kudziwa chimene akufuna asanagwire burashi.

Pa zithunzi za paguwa, zimene anthu onse ankaona, Fra Angelico sankaumira golide ndi buluu. M'tizipinda ta abale anachita zosiyana. Anagwiritsa ntchito mitundu yochepa ya dothi, nasiya khoma loyera kuti lizipereka kuwala. Kachipinda kalikonse kanali ndi bedi, zenera laling'ono ndi chithunzi chimodzi cha moyo wa Ambuye Yesu. M'kachipinda ka nambala 7 anajambula Yesu atavala zoyera, atamangidwa nsalu kumaso. Asilikali sanawajambule athunthu: pali manja okha omenya, ndodo, ndi mutu wa munthu wolavula malovu. Pansi pakhala Amayi Maria ali m'chisoni, ndi Dominiko Woyera akuwerenga buku. Mbale wogona m'menemo sakanatha kuloza chala msilikali wina wake, popeza manja opanda mwiniwo akanakhoza kukhala akeake. Pamwamba pa masitepe opita kogona pali chithunzi chodziwika kwambiri cha mngelo Gabrieli akulonjera Maria, ndipo mmunsi mwake muli mawu okumbutsa wodutsa aliyense kunena Tikuoneni Maria.

Cha m'ma 1445 Papa anamuitanira ku Roma. Kumeneko, m'nthawi ya Papa Nicholas V, anajambula m'kachalitchi ka Papa ku Vatican moyo wa madikoni awiri ofera chikhulupiriro, Stefano ndi Laurenti Oyera, ndipo pa chithunzi china Laurenti akugawa chuma cha Mpingo kwa olumala, akhungu ndi amayi onyamula ana. M'chaka cha 1447 anayamba ntchito m'tchalitchi lalikulu la ku Orvieto, imene Luca Signorelli anadzaimaliza patapita zaka zoposa 50. Cha m'ma 1450 anabwerera ku Fiesole kukakhala mkulu wa nyumba imene analowera ali mnyamata. Anamwalira ku Roma pa 18 Febuluwale 1455, ndipo manda ake ali m'tchalitchi la Santa Maria sopra Minerva.

Giorgio Vasari, amene analemba mbiri za amisiri patatha zaka pafupifupi 100, anasimba kuti wansembeyu sankagwira burashi asanapemphere, ndipo ankalira misozi pojambula Ambuye pamtanda. Anasimbanso kuti Papa atafuna kumupatsa udindo wa arkiepiskopi wa Florence, iye anakana n'kutchula mbale mnzake Antonino, amene anakhaladi arkiepiskopi m'chaka cha 1446 ndipo lero ndi woyera. Dzina loti Angelico, kutanthauza wonga mngelo, linafala iye atamwalira.

Ambiri a ife tinafunsidwapo kuntchito, m'minibasi kapena ndi achibale chifukwa chimene Akatolika amasungira zithunzi m'tchalitchi. Mpingo unayankha funso limeneli pa msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Nicaea m'chaka cha 787: chipembedzo n'cha Mulungu yekha, ndipo ulemu umene timapereka ku chithunzi umapita kwa amene wajambulidwayo. Popeza Mwana wa Mulungu anakhala munthu, wokhala ndi nkhope imene anthu anaiona, n'kololedwa kumujambula. Tizipinda ta ku San Marco timasonyeza ntchito ya chithunzi choyera, imene ndi kukhazika mtima pansi ndi kuutsogolera ku pemphero.

Misa ikatha lero, musathamangire kutuluka. Imani pang'ono pa chimodzi cha zithunzi za Njira ya Mtanda, muchiyang'anitsitse, mufotokozerenso ana anu zimene zikuchitikapo. Ndipo m'miphakati yathu muli achinyamata ojambula, osema, osoka ndi olemba zikwangwani. Tikawapatsa ntchito ya tchalitchi, tiwapatse nthawi yokwanira, zipangizo zabwino ndi malipiro oyenera, chifukwa ngakhale ku San Marco panali amene ankagula laimu ndi utoto. Mwana amene amadzaza makope ake ndi zojambula tisafulumire kumukalipira kuti akutaya nthawi.

Wodala Fra Angelico, mutipempherere ife.