LEROY CARR: ANAYIMBA MOTSITSA, KOMA ANAMVEKA KUTALI

M'dziko la Amereka muli mtundu wa nyimbo wochedwa blues. Nyimbozi zinayambika pakati pa anthu akuda a cigawo ca kumwera, adzukulu a akapolo, ndipo zimanena za umphawi, za maulendo ndi za cikondi cimene catha. Oyimba ambiri oyamba anali kufuula, pakuti anali kuyimbira m'miseu ndi m'mahema popanda makina okuzira mau. Munthu amene anaonetsa kuti cisoni cingathe kuyimbidwa ndi mau ofatsa, monga mmene munthu amadandaulira kwa bwenzi lake usiku, ndiye Leroy Carr.

Carr anabadwira mu mzinda wa Nashville ca m'ma 1905. Makolo ake atalekana, iye anakulira ku Indianapolis, mzinda wa mafakitale umene anthu akuda ambiri anali kusamukirako pofuna nchito. Panalibe mphunzitsi amene anamlangiza kuliza piyano, limba lalikulu lija loliza ndi zala. Anadziphunzitsa yekha pomvetsera ndi kupenyerera akuluakulu. Ali mnyamata anayendako ndi gulu la anthu oonetsa masewera, analowa usilikali, ndipo pambuyo pake anagwira nchito m'fakitale ya nyama. Madzulo anali kuliza piyano m'nyumba za anthu, pa maphwando amene eni nyumba anali kukonza kuti apeze ndalama za lendi.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ku Indianapolis komweko Carr anakomana ndi Scrapper Blackwell, katswiri wa gitala. Masiku amenewo, kuyambira 1920 kufikira 1933, boma la Amereka linali litaletsa mowa, ndipo Blackwell anali kupeza ndalama pogulitsa mobisa mowa wofanana ndi kacasu. Anthu awiriwa anagwirizana modabwitsa. Piyano ya Carr inali kuyenda pansi mwaulemu monga mtsinje wa m'dambo, pamene gitala ya Blackwell inali kulasa pamwamba ndi nsambo imodzi imodzi. Palibe amene anali kuphimba mnzake.

M'mwezi wa Juni, 1928, kampani ya Vocalion inajambula nyimbo yao yoyamba yochedwa How Long, How Long Blues. Nyimboyi imasimba za munthu amene waima pa siteshoni, sitima itapita kale ndi wokondedwa wake. Anthu amene anasiya kwao ndi kupita ku mizinda anadziona okha m'nyimbo imeneyi, ndipo malekodi anagulidwa ambirimbiri.

Cimene cinathandiza Carr ndi ici: kuyambira 1925 makampani anayamba kujambula nyimbo ndi maikolofoni ya magetsi. Kale woyimba anayenera kukuwa pakamwa pa lipenga lalikulu kuti mau ake alowe m'lekodi. Tsopano ngakhale mau otsika anali kumveka bwino. Carr anali kuchula mau momveka, mosafulumira, kotero kuti womvera galamafoni anali kumva ngati woyimbayo wakhala naye pa mphasa imodzi.

Caka ca 1929 cinabweretsa mavuto akulu a cuma mu Amereka. Mafakitale anatsekedwa, anthu analeka kugula malekodi, ndipo oyimba ambiri anaiwalika. Koma Carr ndi Blackwell anapitiriza kuitanidwa. M'zaka 7 zokha anajambula nyimbo zoposa 100, zina mwa izo Midnight Hour Blues mu 1932 ndi Blues Before Sunrise mu 1934.

Komatu ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika. Carr anali kumwa mowa kopitirira muyezo. Malo amene anali kupezamo cakudya ndi amenenso mowa unali kuyenda usiku wonse, ndipo thupi lake linafooka. Mu Febuluwale, 1935, anapita ku Chicago kukajambula nyimbo ku kampani ya Bluebird. Kumeneko anayimba In the Evening, imene inadzachuka kwambiri. Nyimbo yake yotsiriza, Six Cold Feet in the Ground, imanena za manda, ndipo anaiyimba yekha popanda gitala ya mnzake. Pa 29 Epulo, 1935, anamwalira ku Indianapolis ndi nthenda ya impso, ali ndi zaka pafupifupi 30.

Maliro ake anafika mpaka m'malekodi. Blackwell, Bumble Bee Slim ndi Bill Gaither anajambula nyimbo zomlira, ndipo Gaither anayamba kudzicha Leroy's Buddy, ndiko kuti bwenzi la Leroy. Blackwell analeka kujambula kwa zaka zoposa 20. Anabwereranso atakalamba, koma anaomberedwa ndi mfuti mu 1962.

Mbeu imene Carr anafesa inamera m'minda yambiri. Robert Johnson, woyimba wa ku Mississippi, anatenga cuni ca In the Evening ndi kupangira nyimbo yake Love in Vain. Count Basie, mtsogoleri wa gulu lalikulu la jazi, anajambula How Long Blues. Kayimbidwe kofatsa ka munthu wokhala pa piyano kanapitirira mwa Charles Brown ndi Ray Charles. Mu 1982 dzina la Carr linalembedwa mu Blues Hall of Fame, kaundula wa akatswiri a nyimbozi, ndipo mu 1994 Eric Clapton wa ku England anajambulanso nyimbo zake.

Manda a Leroy Carr ali ku Floral Park, mu mzinda umene unamlera. Mowa unadula masiku ake asanaone zipatso za nchito yake, koma mau aja amene sanafuule akali kumvedwa ndi anthu a maiko amene mwini wake sanapondemo.