Mbiri ya Mai Cynthia Stockley, mlembi wa nthano za Rhodesia amene kanema wake anasowa

Pakati pa zaka za 1910 ndi 1930, anthu ambiri a ku Ulaya ndi ku America anadziwa dziko la Rhodesia kudzera m'mabuku a mzimai mmodzi, Mai Cynthia Stockley. Nthano zao za cikondi zinagulidwa kwambiri, ndipo makampani a makanema a ku America anazisandutsa baisikopo. Lero dzina lao silimveka kawirikawiri, ndipo ena mwa makanemawo sapezekanso.

Maiwa anabadwa mu 1873 mu mzinda wa Bloemfontein ku South Africa, ndipo dzina lao lobadwa nalo linali Lilian Julian Webb. Ali mtsikana anawolokera ku Southern Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zimbabwe, kumene anakwatiwa ndi wapolisi wina wa atsamunda, Philip Stockley. Anakhalako ku Umtali, mzinda umene lero ucedwa Mutare, pa nthawi ya nkhondo ya mu 1896, pamene Ashona ndi Andebele anaukira ulamuliro wa kampani ya Cecil Rhodes.

Ukwatiwo sunakhalitse. Mai Stockley anapita ku London, kumene anapeza cakudya mwa kulemba m'nyuzipepala ndi kucita masewero. Buku limene linawachukitsa ndi Poppy la mu 1910, ndipo The Claw linatsatira mu 1911. Mu 1916 anakwatiwanso ndi msilikali wina, Pelham-Browne, nabwerera ku Rhodesia kukakhala pa famu.

Apa m'pamene eni makanema anaona malonda. Masiku amenewo makanema anali opanda mau: ocita sewero anali kulankhula ndi nkhope ndi manja, mau ocepa anali kulembedwa pa cinsalu, ndipo woimba piyano anali kutsagana ndi zithunzizo m'holo. Mu 1917 Norma Talmadge anasewera mu Poppy. Mu 1922 kampani ya Universal inatulutsa Wild Honey, momwe munali Priscilla Dean. Mu 1923 panabwera Ponjola, nthano ya mzimai amene anavala ngati mwamuna kuti apulumutse mwamuna wokondedwa wake ku ucidakwa. Anna Q. Nilsson anameta tsitsi lake lalitali kuti ayenerere gawolo. Mu 1924 Sam Wood anatsogolera kanema wochedwa The Female, wocokera m'buku la Dalla the Lion-Cub, ndipo Betty Compson ndiye anasewera mtsikana wa Cibunu wokulira m'chire.

Africa wa m'makanemawa anali wopangidwa ku America, ndiponso Rhodesia wa m'mabukuwo anali wa azungu. Nthawi imeneyo dzina la Rhodesia linali la maiko a mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Zambezi. Mlatho wa njanji wa pa Kafue unatha kumangidwa mu 1906, nulumikiza kumpoto ndi kum'mwera. Amuna ambirimbiri a dziko lino, pamodzi ndi anzao a ku Nyasaland, anali kupita kum'mwera kukagwira nchito m'migodi ndi m'mafamu. Thukuta lao ndilo linali kuyendetsa cuma cimene nthanozo zinali kutamanda, koma m'nthano za Mai Stockley munthu wakuda amaoneka makamaka ngati wanchito wa pakhomo. Cikondi, cisoni ndi ulemu zinali za atsamunda. Ici ndico cithunzi ca dera lathu cimene anthu akunja anaonera.

Makanema olankhula atayamba mu 1927, nyengo inasintha, ndipo kuchuka kwa maiwa kunayamba kuzilala. Mu January 1936 anapezeka atafa m'nyumba imene anali kukhala ku London. Ofufuza anapeza kuti anadzipha.

Makanema aonso anakumana ndi tsoka. Filimu ya masiku amenewo inali kupangidwa ndi mankhwala a nitrate, amene amagwira moto msanga, ndipo akakhalitsa amanyenyeka n'kusanduka fumbi. Makampani ambiri sanaone phindu losunga makanema opanda mau. Mu 1937 moto unapsereza nkhokwe ya kampani ya Fox ku New Jersey, ndipo mu 1948 kampani ya Universal inaononga dala ambiri mwa makanema ake akale. Lipoti la Library of Congress la mu 2013 linapeza kuti mwa makanema aatali pafupifupi 11,000 opanda mau amene anapangidwa ku America pakati pa 1912 ndi 1929, pafupifupi 70 pa 100 alionse anatheratu.

The Female ali m'gulu limeneli. Palibe nyumba yosungira makanema imene ili naye, ndipo cimene catsala ndi zithunzi, mapepala olengezera malonda ndi zimene atolankhani a nthawiyo analemba. Mabuku a Mai Stockley anapulumuka, popeza pepala limapirira kuposa filimu. Amene amawawerenga lero ndi akatswiri a mbiri yakale, ofuna kumvetsa mmene atsamunda anali kudzionera okha, ndi mmene anali kuonera eni nthaka.