Paul Comtois, Bwanamkubwa Amene Anafera Sakramenti Loyera

Akristu a ku Chintheche, Kande ndi Usisya amalidziwa dziko la Canada chifukwa cha Ambuye Jean-Louis Jobidon, Episkopi woyamba wa Mzuzu, amene anali mbadwa ya chigawo cha Quebec. M'chigawo chomwecho munabadwanso munthu wina woyenera kumkumbukira, dzina lake Paul Comtois.

Iyeyu anabadwa pa 22 Ogasiti 1895 ku Saint-Thomas-de-Pierreville, mudzi wa alimi. Anaphunzira ku Nicolet, pambuyo pake nakaphunzira zaulimi ku Oka. Atatsiriza sanakhumbe za m'tauni ai, koma anabwerera kwao nagwira munda wa makolo ake. Kumeneko anathandiza kuyambitsa bungwe la alimi logulira ndi kugulitsira pamodzi, nayendetsanso bungwe losungitsa ndi kubwereketsa ndalama, longa ma SACCO a kuno. Mabungwe otere salemeretsa munthu mmodzi. Eni ake ndiwo onse osonkhamo, ndipo mlimi wosauka amapezamo ngongole popanda kugwa m'manja mwa akatapira.

Pa zandale sanayambe ndi mwayi. M'chaka cha 1930 anapikisana pa chisankho cha Nyumba ya Malamulo, nalephera ndi voti imodzi yokha. Sanataye mtima. Mu 1948 anthu akwao anamuika kukhala meya, ndipo mu 1957, patapita zaka 27, anasankhidwa kupita ku Ottawa. Nduna Yaikulu John Diefenbaker anampatsa unduna wa migodi.

Mu 1961 anaikidwa kukhala Bwanamkubwa wa Quebec, ndiye kuti woimirira Mfumukazi Elizabeth II m'chigawomo. Wokhala pa mpando umenewu salamulira yekha. Ntchito yake ndiyo kutsegulira Nyumba ya Malamulo ya chigawo, kulumbiritsa nduna, ndi kuvomereza malamulo amene aphungu apangana. Nyumba yake ya boma inali Bois-de-Coulonge, nyumba yakale yamatabwa, pafupi ndi mzinda wa Quebec. M'menemo munali kachipinda kopemphereramo, ndipo Comtois anapempha kwa Ambuye Maurice Roy, Arkiepiskopi wa Quebec, kuti azisungamo Ukaristia. Anamlola, ndipo iye anadziwa kuti walandira udindo wolemera.

Usiku wa pa 21 Febuluwale 1966, m'nyengo ya chisanu choopsa, moto unabuka m'nyumbamo. Bwanamkubwa anayamba waonetsetsa kuti mkazi wake ndi ena a m'nyumba atuluka. Pamenepo, monga anasimbira a pabanja pake, anabwerera m'kati mwa utsi kuti akatenge Sakramenti Loyera. Sanatulukenso. Mwana wake wamkazi anapsa kwambiri koma anapulumuka, ndipo nyumba yonse inasanduka phulusa. Comtois anali ndi zaka 70.

Eklezia salamula munthu kutaya moyo wake pa moto wotere, pakuti moyo ndi mphatso ya Mulungu. Koma imfa imeneyi ionetsa poyera chimene munthuyu anakhulupirira: kuti m'Ukaristia muli Yesu mwini wake. Amene anasunga mokhulupirika tindalama ta alimi anasunganso chuma cha pa guwa.

Akatekisti a m'mbali mwa nyanja, amene asunga makiyi a tchalitchi kumene wansembe afika mwa kamodzikamodzi, apatsidwa udindo wofanana nawo. Asauyese wochepa.