Albert Cook: dokotala amene anayamba kulemba za chilonda chosapweteka

Ngati mumalima mpunga m'madambo a ku Lifuwu kapena mumawedza m'mbali mwa nyanja ku Salima, mbiri ya Dokotala Albert Cook ikukukhudzani.

A Cook anabadwira ku London m'chaka cha 1870, ndipo anaphunzira ku Cambridge ndi pachipatala cha St Bartholomew's. Mu 1897 anafika ku Kampala, m'dziko la Uganda, atayenda ulendo wapansi kuchokera ku Mombasa. Chaka chomwecho anatsegula chipatala cha Mengo, chomwe chikuthandizabe odwala mpaka lero. Iwo ndi akazi awo a Katharine, omwe anali namwino, anaphunzitsa azamba ambiri a ku Uganda.

Dokotalayu ankalemba mwatsatanetsatane zonse zimene waona pa wodwala. M'zolemba zake za mu 1897 muli nkhani ya zilonda zikuluzikulu zodya khungu. Akatswiri amati awa ndi matenda amene lero amatchedwa Buruli, potengera dera lina la ku Uganda komwe anthu ambiri anadwala m'zaka za m'ma 1960.

Choyambitsa zilondazi chinadziwika mu 1948, a Cook atakalamba kale. Peter MacCallum ndi anzake ku Australia ndiwo anafotokoza za kachilombo ka Mycobacterium ulcerans. Kachilomboka n'kapachibale ndi toyambitsa TB ndi khate, koma iko kamakhala m'chilengedwe, ndipo matenda ake amakonda madera a madambo ndi madzi odikha. Kamatulutsa poizoni wotchedwa mycolactone, yemwe amaononga khungu n'kuletsa ululu. N'chifukwa chake munthu amazengereza kupita kuchipatala, poganiza kuti chosapweteka sichoopsa.

A Cook anamwalira ku Kampala mu 1951, mankhwala a matendawa asanapezeke. Lero alipo: rifampicin ndi clarithromycin, omwa kwa masabata 8.

Kuno kwathu matendawa saonekaoneka, koma ndi bwino kuwadziwa. Amayamba ngati kachotupa kolimba kapena kutupa kosapweteka, makamaka pamwendo kapena pamkono. Pakapita masabata angapo pamabooka chilonda chomwe chimafalikira kunsi kwa khungu, mwina mpaka kufupa. Wochedwa kulandira thandizo amatha kulumala.

Tsukani ndi sopo bala lililonse mukachoka kudambo, ndipo muziyang'ana khungu la ana. Mukaona chotupa chosapweteka kapena chilonda chosapola, musathirepo zitsamba. Pitani kuchipatala chapafupi msanga.